Msana wa Apongozi

"Ndiye mukuti mphuno yanga ndi yabodza?"

"Sindinatero, Nyambewe. Ndati chipinda cha wodwala sichinunkhira mafuta odzola."

"Ana ndalera, matewera ndachapa mpaka zala kusupuka. Fungo la mkodzo ndimalidziwa, la chimbudzi ndimalidziwa. Ili ndi lina. Ili ndi la chinthu chimene chayamba kuwola."

Hezron Luhanga anasiya kumanga nsapato. Anayang'ana mkazi wake Pamela, amene kuno kwa amuna ake ankangomuitana kuti Nyambewe, kenako anayang'ana chitseko cha chipinda cha bambo ake.

"Tsitsa mawu. Adada akumva."

"Amve. Mwina iwowo andiyankha."

"Nanga Manasseh timamulipirira chiyani? Amawasambitsa, amawadyetsa, amawasintha. Munthu uja anagwirapo ntchito kuchipatala."

"Anali mlonda wa pageti."

"Chipatala ndi chipatala."

Pamela anatola sopo amene anali pa zenera n'kumuika m'dzanja la mwamuna wake.

"Uyu ndinamugula mwezi watha. Taonani, zilembo zake zikuwerengekabe. Munthu wosamba tsiku ndi tsiku, sopo wake amakhala ndi zilembo?"

Hezron anamutembenuza sopoyo n'kumubwezera pa zenera.

"Ntchito yako ndi kutereka madzi, kuphika phala, n'kusiya pakhomo paja. Imathera pomwepo. Kuno si ku Ntcheu. Mkamwana salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna."

"Ku Ntcheu nakonso salowa. Koma ana aamuna amalowa."

"Ine ndimalowa."

"Mumaima kumutu kwa bedi, 'Mwawuka uli, adada,' basi mwatuluka. Golosale ikuthawani."

Hezron anatulutsa njinga n'kulunjika ku Bolero kukatsegula golosale yake. Amuna ena amathawa mkangano ndi ukali. Hezron ankathawa ndi njinga.

A Brightson Luhanga anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene ngakhale ku maliro a khanda ankapita atavala jekete. Sitiroko inawagwetsa nyengo yodinda fodya. Inawapha mbali yonse ya kumanja ndipo inawalanda mawu. Akazi awo anamwalira kalekale, ana aakazi ali ku mabanja awo, choncho atatuluka m'chipatala banja linalemba Manasseh Chirambo, bambo wa mumpingo mwawo momwemo, kuti azibwera m'mawa ndi madzulo.

Pamela apongozi akewo ankawadziwira nsapato ndi chifuwa. Chikwatiwireni pakhomopo, akamva kukhosomola kwawo ankapatuka n'kugwada, nkhope atalozetsa kumbali. Akafuna mchere, ankatuma mwana kwa iye, iye n'kutumanso mwana yemweyo. Ulemu wa kuno ndi umenewo, ndipo sunkamuvuta. Unkachepetsako ntchito. Koma tsopano munthuyo anali kuseri kwa chitseko chimodzi, m'nyumba imene iye ankasesa, ndipo fungo linkatulukira pansi pa chitsekocho.

Chimene chinamudabwitsa kuposa sopo zinali nkhuku.

Mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Bolero silichita nthabwala. Pabwalo ponse panali fumbi lokhalokha, ndipo nazale ya fodya kudimba inkamwa madzi ngati chidakwa. Koma Manasseh akangotsamiritsa njinga yake pa mtengo wa mango, nkhuku zonse za pakhomopo zinkasiya kupalasa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Osati kukhitchini kumene kumagwa madeya. Kuseri, kumene kulibe kanthu.

M'mawa wina Pamela anazitsatira atanyamula lichero, ngati akufunafuna kumene nkhuku yaikira. Pansi pa zenera la apongozi ake panali udzu wobiriwira bwino, ndipo pakati pake panamera ka tomato. Anakhala chonyonyomala kuseri kwa nkhokwe. M'chipindamo wailesi inkaimba nyimbo za kwaya. Kenako anamva Manasseh.

"Ahedi, lero tivala tayi yofiira kapena ya mizeremizere?"

Anadziyankha yekha.

"Yofiira. Chabwino chomene."

Zenera linatseguka. Phala linagwa pansi, nkhuku n'kuyamba kujompana. Patapita kanthawi panatsika madzi, ndowa yonse, akufuka nthunzi, oyera mbee opanda thovu ndi pang'ono pomwe.

Kunena zoona, chimene chinayamba kumupweteka Pamela linali khosi lake. Madzi amenewo ankawasenza yekha kuchokera ku mjigo, n'kuwatereka ndi nkhuni zimene ankathyola yekha. Miyezi yonseyi ankathirira udzu. Mkwiyo utatsika pang'ono m'pamene funso linabwera: ngati madzi akutayidwa panja, m'katimo mumachitika chiyani nthawi yonse ija?

Sabata yomweyo kunabwera amayi a Umanyano, bungwe la amayi a kumpingo, kudzaona wodwala. Anawatsogolera a Lettie, mlongo wawo wa a Brightson, azakhali a Hezron amene kuno amati ankhazi. Nyumba yawo inali kutsidya kwa kanjira. Manasseh anali atalawirira. Anakolopa, anatsegula zenera, anayatsa ndi koyilo ya udzudzu dzuwa likuswa mtengo. Amayiwo analowa, anaimba, anapemphera, anatuluka akugwedeza mitu mokhutira.

"Akuwala bambo aja! Ndevu zometa, tsitsi lopesa, mafuta pankhope. Mpaka tayi!"

"Ana ena amataya makolo awo, koma Hezron wayesetsa."

Alendo atapita, Pamela anapereka madzi akumwa kwa ankhazi pakhonde n'kukhala pansi.

"Ankhazi, kumsana kwawo munaonako?"

"Kumsana kwa ndani?"

"Kwa adada."

A Lettie anatsamwa ndi madzi.

"Mwana iwe! Ine ndikavundukule bulangete la alongo anga? Ndapenga?"

"Nanga amavundukula ndani?"

"Amene akulipidwa."

"Akapanda kuvundukula?"

"Bwanji asavundukule? Nyambewe, mafunso akowa akuchokera kuti? Kwanu mumasuzumira apongozi?"

"Kwathu amayi anga anagona nthawi yaitali atathyoka chiuno. Anamwino anatiuza kuti tiziwatembenuza kangapo patsiku, uku, uku, chagada. Tsiku limene tinachita ulesi, khungu linafiira ngati lapsa. Munthu wogona malo amodzi amadyeka, ankhazi."

"Amenewo anali amayi ako. Awa ndi a Luhanga. Munthu amene waphunzitsa theka la Bolero sangagonekedwe uku ndi uku ngati usipa pa thandala. Iwe konza phala lako. Ndipo liziphikidwa lofewa, osati lija la dzana."

"Nkhuku sizinadandaule."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndamva, ankhazi."

Tsiku lotsatira anamudikira Manasseh panjira ya ku mjigo. Atafika, Pamela anagwira chiwongolero cha njinga yake.

"A Chirambo, nkhuku zanga zandituma. Zikuti yewo chomene."

Manasseh anali bambo wa imvi zake, wofatsa, woimba besi mu kwaya. Anaseka pang'ono n'kusiya.

"Mwaona?"

"Ndaona phala, ndaona madzi. Chimene sindinaone ndi chimene mumachita m'katimo. Tandiuzani. Sindikukalipa, ndikungofuna kudziwa."

Manasseh anatsika panjinga n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mayi, ine ndimachita zonse zimene iwo amalola. Ndimawameta, ndimawapukuta kumaso, m'khosi, m'manja. Ndimawaveka malaya. Phala amalandira masipuni angapo, kenako amatseka pakamwa."

"Nanga kumunsi?"

"Munthu amene uja anandiphunzitsa Sitandade 8. Dzanja lamanzere latsala lija ndi limene ankandigwira nalo khutu. Ndikangokhudza bulangete kuti nditsitse, amalikanikiza pachifuwa n'kundiyang'ana. Mayi, maso aja simunawaone."

"Sindinawaone, inde. Sindiloledwa. Akadzinyowetsa mumatani?"

"Ndimapisa manja pansi pa bulangete, n'kukoka nsalu yonyowa, n'kulowetsa ina. Maso anga amakhala kudenga."

"Kuwatembenuza?"

"Amabuula."

"Ndiye chitulukireni m'chipatala akugonera msana womwewo?"

Manasseh anayamba kupukuta belu la njinga ndi chala.

"Masiku ano nsalu ina imakana kutuluka," anatero chapansipansi. "Imagwira. Ndimangoisiya n'kuikapo ina pansi pake."

Pamela anasiya chiwongolero cha njinga.

"Hezron munamuuza?"

"Ndinamuuza kuti ahedi amakana kusamba thupi lonse. Anati, 'Chitani zimene adada akufuna, musawavutitse.'"

"Nanga madzi mumatayiranji?"

"Ndikabweze ndowa yodzaza, anthu aziti chiyani?"

Madzulo ake Pamela anamufotokozera Hezron zonse, ana asanabwere kosewera. Hezron anamvetsera akusisita mawondo.

"Ndikambirana naye Manasseh."

"Sindikufuna mukambirane. Ndikufuna mulowe, mutseke chitseko, muvundukule."

"Nyambewe, ukudziwa chimene ukunena? Ine chibadwire sindinawaonepo adada atavula ngakhale malaya. Ku mtsinje sitinasambepo limodzi. Lero ndikawavule ngati mwana? Adzandiona bwanji?"

"Iwo anakuonani muli mbulanda, akukutawitsani. Sanafe."

"Ndiona mawa."

Mawa lake kunabwera katundu ku golosale. Mkuja wake kunali msonkhano wa kalabu ya fodya. Sabata inatha. Pamela anapitiriza kutereka madzi n'kumaika pakhomo paja, ndipo Manasseh, chifukwa cha manyazi, anasiya kuwataya pa zenera. Ankawatulutsa mwakachetechete n'kukathira mumphika wa nkhumba. Fungo linakula mpaka ana anayamba kudyera panja.

Tsiku limene zinafika pachimake, Manasseh anatumiza uthenga kuti wapita ku maliro ku Njakwa, abwera madzulo. Hezron analowetsa yekha phala, anatuluka mwamsanga, anakwera njinga. Dzuwa litafika pamutu, Pamela ali pakhonde kusankha nyemba, anamva kulira kwachilendo. Kunali kogwedezeka, ngati wina akusefa ufa pa bedi la chitsulo. Analowa m'nyumba. Pa chitseko cha apongozi panatera ntchentche zobiriwira zija, zikuluzikulu.

Anaimbira Hezron. Foni inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anasuzumira kutsidya kwa kanjira, kwa ankhazi kunali kotseka.

Anaima pachitsekopo nthawi ndithu. Ankadziwa chimene chidzatsatire. Nkhani idzafika kwa akuluakulu a banja, idzafika ku Umanyano, ndipo dzina lake lidzakhala la mkazi wa ku Ntcheu amene anavula apongozi ake. Ena anabwezedwapo kwawo pa zinthu zochepa kuposa zimenezi. Bedi linapitiriza kugwedezeka.

"Odi."

Anagogoda.

"Odi, adada. Ndine Nyambewe. Ndikulowa."

Anavula patapata, anamanga chitenje, anakankha chitseko n'kulowa chokwawa ndi mawondo.

Ngakhale fungo linamumenya mpaka misozi, maso ake anayendayenda okha. Chipindacho chinali chaching'ono kuposa mmene ankaganizira. Mabuku anasanjidwa pa thabwa, akuluakulu pansi, ang'onoang'ono pamwamba. Majekete anakolekedwa pa misomali, lililonse litakutidwa ndi pepala la pulasitiki. Nsapato zija ankazidziwa bwino zinali pansi pa bedi, zopolishidwa, zikudikira. Kenako anayang'ana munthuyo.

Anali wamng'ono. Mawu onse aja, chifuwa chija chimene chinkamugwaditsa m'fumbi, zinkatuluka mwa kamunthu aka? Ndipo makutu! Makutu otambalala ngati a mwana wake woyamba, Mtende. Zaka zonsezi ankadabwa kuti mwanayo anawatenga kuti makutu amenewo.

A Luhanga ankanjenjemera thupi lonse, mano akugundana. Milomo inali youma, yosweka. M'khosi munali tayi ya dzulo. Atamuona, maso awo anatong'oka. Dzanja lamanzere linakwera n'kufumbata bulangete pachifuwa.

"Pepani, adada. Ndikudziwa kuti si malo anga. Hezron sakuyankha foni, a Chirambo ali ku maliro. Thupi lanu latentha ngati mbaula. Ndikufuna ndione kumsana kokha."

Mkuluyo anatulutsa mawu osamveka, aukali. Anayesa kutembenuzira nkhope kukhoma, khosi linakana.

"Mukalipa mukachira. Ine sindituluka."

Anayandikira. Apo a Luhanga anasowa pothawira. Dzanja linali limodzi, ndipo ntchito zinali ziwiri: kugwira bulangete, kapena kubisa maso kuti asaonane ndi mkamwana wawo. Pomaliza linasiya bulangete n'kuphimba maso.

Pamela sanachedwe. Anakokera bulangete kutsogolo kuti kukhale kofunda bwino, anaika dzanja limodzi paphewa lina m'chiuno, n'kuwagubuduzira kukhoma. Sanalemere n'komwe. Anakweza malaya.

Pansi pa msana, pamene fupa limagunda matiresi, panali dzenje lokula ngati kukamwa kwa kapu. M'mbali mwake munali mwakuda, m'kati mukutuluka mafinya. Nsalu ya masiku ambiri inamatirira pomwepo. Pa phewa panali chilonda china chongoyamba. Anasuzumira ku zidendene, nakonso kunali kutadyeka.

Sanakuwe. Anatenga pilo n'kuwatsamiritsa kuti akhale chammbali, chilondacho chisagundenso kanthu. Anamasula tayi. Ananyowetsa kansalu m'kapu ya madzi n'kuwapukuta milomo. Dzanja lija silinachoke kumaso, koma pansi pake pankatsika misozi n'kulowa m'khutu.

"Ndaona, adada. Sindinama kuti sindinaone. Kwinako sindigwira. Abwera mwana wanu."

Potuluka, anakumana maso ndi maso ndi a Lettie, ataima pabalaza ndi sefa imene anabwereka dzana.

Sefa inagwa pansi.

"Mayo ine! Nyambewe! Ukuchokera kuti?"

"Mwaona kumene ndikuchokera, ankhazi. Imbirani Hezron. Yanu ayankha."

Anayankhadi. Pamene njinga yamoto ya kabaza inkamutsitsa pabwalo, anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kudutsadutsa pafupi, aliyense ndi chifukwa chake. Pamela anali kukhitchini, akuwiritsa madzi ndi mchere pang'ono.

"Mkazi wako walowa kwa adada ako!" a Lettie anayamba Hezron asanatsike bwino. "Ndamuona ndi maso angawa. Watuluka akupukuta manja! Chikhalire banja la a Luhanga zoterezi sizinachitikepo. Uwu ndi mlandu. Aitanidwe akwawo."

Hezron anaima pakhomo pa khitchini.

"Nzoona?"

"Nzoona."

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Munandiuza kuti mawa."

"Wandichititsa manyazi pamaso pa adada, pamaso pa mudzi wonse. Ukanadikira."

"Ndikanadikira, mukanawavula ndinu nomwe, powasambitsa komaliza. Kapena pamenepo mukanalembanso a Chirambo?"

"Tamumvani pakamwa!" anatero a Lettie.

Pamela anathira madzi m'beseni, anawayesa ndi chigongono, anaikamo nsalu zoyera zimene anang'amba ku shiti yakale. Anayimirira n'kupereka beseni kwa mwamuna wake. Hezron sanalandire.

"Mlandu ndauvomera," anatero Pamela. "Akwathu aitaneni, mbuzi ndilipira, mukafuna ndipite ku Ntcheu ndipita. Koma zonsezo ndi za mawa. Lero bambo anu ali ndi dzenje kumsana loti mungalowetsemo chibakera, ndipo thupi latentha. Akufunika kuchipatala dzuwa lisanalowe, ndipo sangakwere galimoto mmene alilimu. Wina awasambitse. Mulowa ndinu, kapena ndibwereranso ine. Ulendo uno ndiwavula zonse, chitseko chili chotsegula."

"Sungachite zimenezo."

"Ndatopa, bambo a Mtende. Munthu wotopa amachita."

Hezron anayang'ana ankhazi ake. A Lettie anayang'ana kumbali. Hezron anayang'ana anthu a panjira, onse anapeza chochita ndi mapazi awo. Analandira beseni.

Pamela anamutsatira mpaka pachitseko. Hezron atalowa, iye anachikoka n'kusiya kampata, kenako anakhala pansi atachifulatira, miyendo atatambasula, nkhope ikuyang'ana pabalaza. A Lettie anaima pakhomo lotulukira panja, manja ali m'chiuno.

M'katimo beseni linagunda pansi mwamphamvu, ndipo kunamveka munthu akuthamangira pa zenera n'kusanza.

"Mwatha?" anafunsa Pamela osacheuka.

"Nyambewe... Mulungu wanga. Adada. Adada!"

"Kulira mulira m'galimoto. Sambani m'manja ndi sopo uja. Ali ndi ntchito lero."

Kunamveka madzi.

"Nsalu yamatirira pachilonda."

"Musakoke. Inyowetseni ndi madzi a mcherewo, muidikire. Ikakana isiyeni, akachotsa achipatala. Inu pukutani m'mbali, kuchokera pafupi ndi chilonda kupita kunja. Nsalu ikada, tayani, tengani ina."

"Akubuula."

"Abuula, zikupweteka. Pitirizani."

Patapita nthawi mawu a Hezron anabweranso, otsika.

"Kumsana ndatha. Tsopano... kutsogolo. Agwira bulangete. Akundiyang'ana."

"Inunso ayang'aneni. Ndi bambo anu, si ahedi. Musalande bulangete. Auzeni chimene mukufuna kugwira musanagwire, ndipo muvundukule pang'onopang'ono, pamene mukusambitsa pokha. Pena ponse pakhale pofunda."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Nanga ine ndidziwa bwanji zimene mumakamba ndi bambo anu?"

Pamela anaganiza kuti mwina nkhani yake ndi imeneyo, anthu awiriwa sanakambepo kanthu kupatula za mayeso ndi za feteleza. Kenako anamva Hezron akuyankhula m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, ngati mmene ankanyengererera Mtende kumwa mankhwala. Ankawauza kuti ndi iye, Hezron. Kuti chitseko n'chotseka, palibe wina akuona. Kuti ayamba ndi mwendo uwu. Kuti madzi ndi ofunda. Kubuula kuja kunasintha, kunakhala kupuma kwa munthu amene watula katundu. Madzi anayamba kudontha m'beseni, kufinya nsalu, kudonthanso.

Pamela anatuluka kukatenga beseni lachiwiri. Pobwera anapeza a Lettie atakhala pa mpando pafupi ndi chitseko, akumvetsera, chibwano chili m'manja.

Galimoto ya matola ya mnansi wawo inafika dzuwa litapendeka. Anayala mphasa ndi mabulangete kumbuyo. Hezron anatuluka atanyamula bambo ake m'manja, atawaveka malaya oyera ndi chitenje m'chiuno. Malaya ake iye anali onyowa mpaka m'mimba. Pamela anapatuka n'kugwada, nkhope kumbali, monga mwa masiku onse.

"Muwagoneke chammbali," anauza khoma. "Pilo pakati pa mawondo."

Atawagoneka, Hezron anabwera pamene iye anagwada.

"Ku wodi ya amuna adzafuna wowadikirira. Manasseh akabwera umuuze kuti..." Anaima. Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a golosale. "Ayi. Usamuuze kanthu. Uzikatsegula ndiwe. Shuga wa m'katoni ya pansi ndi wa oda ya munthu wina, usagulitse."

"Mubwera liti?"

"Akadzatuluka."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, ikuzemba mabampu. Anthu a panjira anabalalika. Pamela anamanga makiyi pa mfundo ya chitenje n'kubwerera m'nyumba. Ntchito inali isanathe.

"Mlandu ulipobe," anatero a Lettie kumbuyo kwake. "Usaganize kuti wapita ndi galimoto."

"Ulipo, ankhazi. Tandigwirirani matiresi, ndekha sinditha."

A Lettie anazengereza, kenako anamutsatira m'chipindamo. Pamela anachotsa mabulangete, anachotsa mulu wa nsalu zija, anakoka pepala la pulasitiki limene linali litang'ambika kalekale. Pansi pake matiresi anali akuda bii, atawola mpaka kubooka, ndipo pakati panali chithunzi cha munthu, mapewa, msana, chiuno, monga anagonera miyezi yonseyo.

A Lettie anaima akuyang'ana. Anali ataimba nyimbo m'chipinda chomwechi, atakhala pa mpando uwo, pafupi chonchi. Anatambasula dzanja ngati akhudze pamene panali mapewa, n'kulibweza.

Ananyamula, wina uku wina uku, n'kutulukira khomo la kuseri kuti anthu asaone. Pamela anali patsogolo, akuyenda chobwerera. Atafika pafupi ndi dzala, a Lettie anayankhula osakweza maso.

"Ana anga onse ndi aamuna, Nyambewe."

"Ndikudziwa, ankhazi."

"Ine ndikadzagona chonchi, udzalowe. Usadzadikire munthu. Ndikadzakutukwana, udzalowebe."

"Ndamva. Kwezani mbali yanuyo, ikukwekwereza pansi."